Mafunso Anu: Bwanji tomato wamasiku ano ndi wofiira bwino koma wosakoma?

Mwezi uno mafunso a tomato achuluka zedi, ena pa WhatsApp ena pa Facebook, nde tangoti tiwaike pamodzi tithane nawo kamodzi. Ataliatali tawadulako pang'ono.

FUNSO: Alangizi, ine ndili ndi dandaulo. Tomato amene ndikugula masiku ano amakhala wamkulu, wofiira paliponse, wolimba moti olo agwe pansi saphwanyika, koma ukamudula mkati ndi madzi okhaokha, fungo palibe kukoma palibe. Kale tinkadya timatimati ting'onoting'ono tina tokhota, tobiriwira pamwamba, koma tinkakoma kwabasi. Kodi ndi lilime langa lakalamba kapena ndi fetelezayu? — Mayi wa ana anayi

YANKHO: Mayi, lilime lanu lili bwinobwino musalinamizire. Ndipo feteleza amene aliyense amathamangira kumuloza chala si woyamba pa mlanduwu, woyamba ndi mbewu yeniyeniyo.

Tomato pafupifupi 95 peresenti ndi madzi, nde kukoma konse mukukufunako kuli mu kagawo kakang'ono kotsalako. M'menemo muli shuga, muli asidi amene amabweretsa kuwawasa kuja, komanso muli timankhwala tachilengedwe touluka timene timakwera kumphuno mukamatafuna. Timeneti akatswiri apezamo topitirira 400 koma timene timamveka kwenikweni n'tochepa, mwina 20 kapena 30 basi. Tayesani tsiku lina kutsina mphuno n'kuluma tomato wakupsa bwino, mungomva kutsekemera ndi kuwawasa, mukangosiya mphuno m'pamene muzindikire kuti eya, uyu ndi tomato.

Tsono kwa zaka zambiri opanga mbewu ankasankha mitundu yobereka kwambiri, yosagwidwa matenda msanga, yolimba khungu yoti iyende ulendo wautali pa lole osaphwanyika. Kukoma palibe ankakuyeza, sikuti anachita dala kukuchotsa ayi, kunangotayika panjira poti mlimi amalipidwa pa kulemera kwa katundu osati pa fungo. Mu 2017 gulu la Harry Klee wa pa University of Florida ku America linafufuza mitundu 398 ya tomato, yakale, yamakono ndi yakutchire yomwe, n'kupeza kuti pali timankhwala 13 ta fungo timene mu mitundu yamakono tatsika kwambiri. Anaonanso kuti pamene anthu ankalimbikira kufuna tomato wamkulu shuga ankachepa, n'zomveka, masamba ndi omwewo, shuga amene akupanga ndi yemweyo, koma akukagawidwa m'zipatso zikuluzikulu.

Kubiriwira kwa pamwamba kumene mwatchulako nakonso kuli ndi nkhani yake. Cha m'ma 1930 kunapezeka tomato wina wopsa mofanana thupi lonse, alimi ndi ogulitsa anamukonda poti amakopa maso, nde khalidwe limeneli linalowetsedwa pafupifupi mu mitundu yonse yamalonda. Mu 2012 Ann Powell ndi anzake a pa University of California ku Davis anaonetsa kuti chimene chinkabweretsa kubiriwira kodera kuja ndi chomwenso chinkathandiza chipatsocho kudzipangira shuga wina ndi dzuwa chikadali chosapsa. Pochotsa kubiriwirako anachotsa ndi shuga yemwe.

Kuwonjezera apo tomato wopita kutali amathyoledwa ali wobiriwira, n'kukafiira panjira kapena mu shedi momwe amam'thira mpweya wopsetsa zipatso wotchedwa ethylene. Kufiira amafiira ndithu, koma shuga amachokera kumasamba, akangochoka pamtengo palibenso wina wobwera, amangosintha kasitachi kamene anali nako kale. Nde pogula musamanyengeke ndi kufiira kapena kukula. Nthawi zambiri ting'onoting'ono n'timene timatsekemera, ndipo munyamuleni m'manja, wabwino amalemera komanso amafewa pang'ono mukamudina ndi chala. Mukamanunkhiza samalani, fungo lamphamvu limene limamveka pa kamtengo kobiriwira ndi la kamtengoko, silikuuzani za mkati.

FUNSO: Bambo alangizi tiweruzeni mlandu. Ine ndimati tomato asalowe mu filiji chifukwa mkati mumakhala mwaufa komanso samvekanso kukoma, mayi akunyumba amati ndikungofuna kuwonongetsa zinthu poti kukatentha masiku awiri okha amakhala wayamba kufewa ndi kutuluka madzi. Olondola ndani? — Bambo wapabanja

YANKHO: Bambo, nonse muli ndi mfundo, koma musasangalale msanga, ya mayi ndi yolemerapo.

Yanu kaye. Tomato kwawo ndi kumadzulo kwa South America cha ku Peru ndi Ecuador, anayamba kulimidwa kwambiri ku Mexico, si mbewu yozolowera chisanu. Kukazizira kutsika pansi pa madigiri 12 amayamba kuvulala mkati, pomwe filiji yapanyumba imakhala cha pa madigiri 4 kapena 5. Mu 2016 ku Florida komweko anaika tomato wakupsa pa madigiri 5 kwa masiku 7, atamutulutsa anapeza kuti timankhwala ta fungo tija tatsika mpaka ndi 65 peresenti, shuga ndi asidi osasintha kwenikweni, ndipo olo anamusiya masiku angapo kunja fungo lonse silinabwerere. Chimachitika n'choti chisanu chimatseka ntchito ya mkati mwa chipatso yopanga fungo, pomwe fungo lakale likupitirira kuuluka. Anthu amene anapatsidwa kuti alawe anakonda wosalowa mu filiji. Pamenepo mwawina.

Koma kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti tsiku limodzi mpaka atatu panalibe kusintha kwakukulu. Ndipo mu 2020 a pa University of Göttingen ku Germany anatenga tomato wothyola atapsa, wina anamuika pa madigiri 7 wina pa madigiri 20 kwa masiku 4, anthu ophunzitsidwa kulawa sanamve kusiyana kwenikweni, chimene chinasiyanitsa kwambiri kakomedwe chinali mtundu wa mbewu. Ndiye mayi akamanena za masiku awiri atatu sakulakwa, makamaka ngati m'nyumba mwanu mukutentha kufika madigiri 30, chifukwa pamenepo tomato wakupsa sachedwa kuphwetera, vitamini C akutsika, nkhungu ikuyamba. Bola wozizira wochepa fungo kusiyana ndi wowola.

Chigamulo changa ndi ichi, ndipo apilo kulibe. Wosapsa kapena wongoyamba kufiira asalowe mu filiji olo pang'ono, ameneyo ndi amene amavulala kwambiri, amasiya kupsa bwino, amachita timaenje pakhungu, mkati n'kukhala mwaufa muja mukunena. Muikeni pamthunzi apse kaye. Akapsa psuu ndipo simumudya lero kapena mawa, alowe, koma pachitseko kapena pashelefu ya pamwamba pomwe sipazizira kwambiri, ndipo asagonemo sabata. Ngati mukudya wosaphika mutulutseni ola limodzi kapena awiri musanadye kuti chisanu chichoke, chifukwa chinthu chozizira mphuno siichimva bwino. Woti akaphikidwe musavutike nazo zimenezi. Wodula kale yekha alowe nthawi yomweyo atavundikiridwa, pamenepo nkhani si fungo koma majeremusi.

FUNSO: Alangizi athu, ndimalima tomato kudimba. Mnzanga amathira manyowa okhaokha ndipo amanyada kuti wake ndi wokoma komanso wa thanzi kuposa wanga wa feteleza. Zoona wake amakoma, koma wanga amabereka kuposa. Kodi fetelezayu amachotsadi mavitamini? Chinanso, wanga wambiri akumada kunsi ngati wapsa ndi moto, wina kung'aluka, ndapopera mankhwala koma sizikusintha. — Mlimi wa dimba

YANKHO: Achimwene, muzu wa tomato sudziwa kuti nayitirojeni amene ukuyamwa wachokera mu thumba kapena mu khola, ukafika poyamwa ndi chinthu chimodzi. Kusiyana kuli pa kuchuluka ndi liwiro. Manyowa amatulutsa pang'onopang'ono, pomwe urea ndi 46 peresenti nayitirojeni ndipo amasungunuka kamodzi. Mukamuchulukitsa mtengo umasangalala, masamba bii, mphukira mbwee, zipatso zimabisika mumthunzi, zimachedwa kupsa, zimakula ndi madzi, shuga ndi vitamini C n'kutsika. Nde mnzanuyo mwina sakunama kuti wake amakoma, koma chifukwa chake si matsenga a manyowa, n'kutheka kuti inu mukuthira wambiri basi.

Pa za thanzi akatswiri nawo sanamvane kwenikweni. Ku Davis anayerekeza tomato wa manyowa ndi wa feteleza pa minda yoyandikana kwa zaka 10, zotsatira zinatuluka mu 2007, wa manyowa anali ndi quercetin wochuluka ndi 79 peresenti komanso kaempferol ndi 97 peresenti, amenewa ndi mankhwala achilengedwe amene mbewu imapanga podziteteza, ndipo ofufuzawo anaganiza kuti n'chifukwa choti mbewuyo sinkapeza nayitirojeni wosefukira. Koma mu 2012 a pa Stanford University anasonkhanitsa mafukufuku opitirira 200 a zakudya zosiyanasiyana n'kupeza kuti pa mavitamini kusiyana n'kochepa, chimene chinaoneka bwino n'choti zolimidwa popanda mankhwala zimakhala ndi zotsalira za mankhwala ophera tizilombo zochepa. Ine maganizo anga, mkangano wa manyowa ndi feteleza anthu amaukulitsa, mtundu wa mbewu, dzuwa, madzi ndi tsiku lothyola zimasintha tomato kuposa zimenezo. Manyowa ndimawalimbikitsa pa chifukwa china, amapangitsa dothi kusunga chinyezi mofanana, zimene mukuzisowa inuyo. Koma akhale owolerana, aiwisi amatentha mizu komanso amatha kubweretsa majeremusi ngati Salmonella pa zipatso zokhudza pansi.

Maluwa akayamba chepetsani nayitirojeni, pamenepo mbewu ikufuna potaziyamu, ndi amene amathandiza kufiira kofanana ndi kakuwawasa kabwino kaja. Akasowa mumaona tomato wamawangamawanga, pena pofiira pena pachikasu polimba. Phulusa la nkhuni lili ndi potaziyamu ndi kashiamu koma lowaza pang'ono, lambiri limasintha dothi.

Tsono kuda kunsi kuja, siyani kupopera, mukungotaya mankhwala, si matenda a tizilombo. Kumabwera chifukwa kashiamu sakufika kumapeto kwa chipatso, ndipo kashiamu amayenda ndi madzi, nthawi zambiri m'dothi alimo ndithu koma kathiriridwe ndi kolakwika, lero mwakhuthula madzi ambirimbiri, kenako masiku anayi osabwera dothi gwaa, kenako mwakhuthulanso. Kung'aluka nakonso gwero ndi lomwelo, mkati mwatupa mwadzidzidzi khungu silinakonzeke. Thirirani mofanana, pansi osati pamasamba, ndipo phimbirani ndi udzu wouma.

Pali kachinsinsi kena pa madzi. Zipatso zikakula n'kuyamba kusintha mtundu, chepetsani madzi pang'ono, osati kuumitsa mpaka kufota ayi, kungochepetsa. Zili ngati tiyi, shuga supuni imodzi mu kapu yaing'ono amamveka, yemweyo mu jagi samveka. Mudzakolola makilo ochepako koma okoma, nde apa musankhe nokha kuti ogula anu amafuna chani. N'chifukwa chakenso tomato wothyola mvula itangogwa masiku angapo amakhala wozizira mkamwa.

FUNSO: Ndinamva kuti tomato wa mu greenhouse, makamaka wolimidwa m'madzi opanda dothi, alibe chakudya chilichonse, ndi pulasitiki chabe. Zoona? — Mtsikana wa kukoleji

YANKHO: Ayi achemwali, zimenezo n'zokokomeza. Wolimidwa popanda dothi amapatsidwa michere yomweyo kudzera m'madzi, ndipo mukamuyeza mupezamo potaziyamu, vitamini C ndi lycopene, amene amafiiritsa tomato, ngati wina aliyense. Mlimi wa luso amatha ngakhale kuwonjezera kukoma pokweza pang'ono mchere wa m'madziwo, mbewu imavutika kumwa, zipatso zimachepa msinkhu koma shuga amakwera. Mbiri yoipa inabwera chifukwa ambiri amalima mitundu yobereka kwambiri n'kumaithira madzi okwanira kuti ilemere, komanso m'mayiko ozizira amalima nyengo imene dzuwa ndi lochepa. Kuwala n'kumene kumapanga shuga, ndipo zipatso zoona kuwala zimakhala ndi vitamini C wochulukirapo kuposa zobisika.

Koma dzuwa nalo lili ndi malire. Kufiira kwa tomato ndi lycopene, ndipo lycopene amapangika bwino pakati pa madigiri 20 ndi 25, kukapitirira 30 mpaka 32 amasiya. Ndiye mu greenhouse yosapita mphepo kapena pamunda pomwe mlimi wakudzula masamba onse ati zipatso zione dzuwa, mupeza tomato wa mtundu wa olenji, mbali yoyang'ana dzuwa yoyera ngati yawauka. Masamba a m'munsi okalamba chotsani, koma oteteza zipatso asiyeni, ndi omwenso akuphika shugayo.

FUNSO: Alangizi, ine ndi wa geni ya tomato. Ndikaoda wobiriwira ndimamuyala padzuwa kuti afiire msanga koma wina amangofewa osafiira, wina amafiira koma makasitomala akudandaula kuti ngowawasa. Komanso wambiri akumandiwolera pansi pa dengu. Ndithandizeni ndisagwe. — Mayi wa geni

YANKHO: Mayi, choyamba muchotseni padzuwapo lero lomwe. Tomato wothyola safuna kuwala kuti apse, amapsa olo mumdima, chimene amafuna ndi kufunda kwapakatikati, cha pa madigiri 18 mpaka 24, ndi mpweya wa ethylene umene amatulutsa yekha. Padzuwa amatentha kupitirira 30 kuja, kufiira kumaima koma kufewa kukupitirira, madzi akuuluka, ndi amene mukuti amangofewa osafiirayo.

Chachiwiri, wobiriwira sikuti ndi mmodzi. Pali wokhwima amene wangotsala kusintha mtundu, pali wanthete amene anathyoledwa msanga. Wanthete olo mutani adzafiira monyinyirika ndipo adzakhala wowawasa. Pooda tengani mmodzi mumudule pakati ndi mpeni wakuthwa, ngati mkati mwayamba kale kuterera kuja ndipo njere zikuthawa mpeni osadulika, ameneyo ngokhwima, koma mpeni ukadula njere zoyera zofewa ndipo mkati muli mouma, musiyeni. Wabwino koposa pa geni ndi amene wayamba kuonetsa kachikasu kapena kapinki kunsi kwake, amalimba paulendo komanso akapsa kukoma kwake sikutalikirana kwambiri ndi wopsera pamtengo.

Mukafuna afulumire, muikeni mu katoni kapena pepala lakhaki pamodzi ndi nthochi yakupsa imodzi iwiri, nthochi imatulutsa ethylene wambiri. Mu jumbo ya pulasitiki yomanga ayi, amachita thukuta n'kuwola. Mukafuna achedwe chitani zosiyana, patulani wakupsa kwa wosapsa tsiku lililonse. Za carbide zimene ena amapsetsera zipatso musayese, m'mayiko ambiri n'zoletsedwa chifukwa amakhala ndi zoipa ngati arsenic. Chimodzimodzi kupopera mankhwala a kumunda pa tomato wothyola kale ati asawole, ameneyo ndi poizoni mukupatsa anthu, mankhwala aliwonse ali ndi masiku odikira asanakololedwe olembedwa pa botolo.

Wowolera pansi pa dengu ndi kulemera. Dengu lakuya wapansi amasenza anzake onse, amaphwanyika mkati olo kunja asaoneke, ndipo wophwanyika mkati amasintha fungo asanayambe n'kuwola komwe. Makireti osaya ndi abwino, mizere iwiri itatu basi. Timitengo tolimba tija timabaya anzake, tichotseni kapena muyale mosamala. Amene mwachotsa kamtengo muikeni mozondotsa, pachipsera pakhale pansi, chifukwa pamenepo m'pomwe madzi amatulukira kwambiri ndi pomwe nkhungu imalowera. Musamutsuke musanasunge, kungopukuta ndi kansalu kouma. Ndipo wowola mmodzi achoke msanga.

Ngati komwe muli n'kotentha kouma pali njira ya miphika iwiri yadothi, waung'ono mkati mwa waukulu, pakati mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa. Mphunzitsi wa ku Nigeria Mohammed Bah Abba ndi amene anaifalitsa m'ma 1990. Madzi akamauluka amachotsa kutentha, mkati mumazizira koma osafika pa chisanu chovulaza cha filiji, kwa tomato n'zoyenerera bwino. Kukakhala chinyezi chambiri mumpweya siigwira bwino.

FUNSO: Aphunzitsi athu anati kuphika kumapha mavitamini onse a mu tomato, koma pa intaneti ndawerenga kuti wophika ndi amene ali wabwino. Nanga njere ndi khungu tizitaya? — Mnyamata wa sekondale

YANKHO: Mphwanga, aphunzitsi anena mbali imodzi, intaneti yanena mbali inayo. Mu magalamu 100 a tomato wofiira wosaphika muli vitamini C cha pa mamiligalamu 14, potaziyamu cha pa 240 ndi lycopene cha pa 2.5. Vitamini C amaopa moto, lycopene ayi, iyeyu amakhala wotsekeredwa mkati mwa timaselo ndipo moto ndi umene umamumasula. Mu 2002 Rui Hai Liu ndi anzake a pa Cornell University anatenthetsa tomato pa madigiri 88, patatha mphindi 30 vitamini C anatsika ndi 29 peresenti, osati yense, pomwe lycopene wopezeka anakwera kupitirira kawiri. Lycopene amasungunuka m'mafuta osati m'madzi, nde timafuta pang'ono pophika timathandiza thupi kumuyamwa. Idyani zonse, pena wosaphika pena wophika, nkhani yatha. Wa mu chitini naye lycopene ali naye wambiri, kungoti muziwerenga mchere ndi shuga amene awonjezeramo.

Kungochenjeza, pa intaneti pomwepo mupeza akuti tomato amachiza khansa. Kafukufuku wa lycopene ndi khansa ya prostate alipo koma umboni wake ngosakhwima, tomato ndi chakudya chabwino, si mankhwala.

Njere ndi khungu musataye, zimandiwawa ndikaona munthu akufinyira kuterera kwa mkati kuja mu bini. M'menemo ndi momwe muli glutamate wambiri kuposa mu mnofu, ndi amene amapatsa msuzi kukoma kozama kuja, komanso asidi wambiri ali momwemo. Khungu ndi mnofu wapansi pake ndi kumene lycopene wadzaza.

FUNSO: Ndinagula tomato wokoma kwambiri, ndingasunge njere zake n'kudzala? — Agogo

YANKHO: Agogo, yesani, koma ngati anali wa haibulidi, amene papaketi amalemba F1, ana ake satengera kholo, ena adzakoma ena ayi. Mitundu yakale yosasakaniza ndi imene imabwereza bwino chifukwa duwa la tomato nthawi zambiri limadzipatsa lokha mungu. Finyirani njere ndi madzi ake mu kapu, zikhale masiku awiri kapena atatu mpaka kuterera kusungunuke, tsukani, yanikani pamthunzi. Sankhani kuchokera pa mtengo wathanzi, osangoti chipatso chachikulu.

FUNSO: Nthawi yokolola tomato amandichulukira. Kuyanika kapena kuika m'mabotolo, chabwino n'chiti, ndipo chakudya chake chimatsalamo? — Bambo wolima kuseri kwa nyumba

YANKHO: Bambo, zonse zimatheka. Poyanika vitamini C wambiri amapita ndi dzuwa ndi mphepo, koma lycopene, potaziyamu ndi shuga zimatsala ndipo zimaunjikana poti madzi achoka, n'chifukwa chake wouma amakoma mwamphamvu. Sankhani wakupsa wa mnofu wambiri, mitundu yotalika ngati Roma ndi yabwino kuposa yamadzimadzi, dulani mopyapyala, wazani kamchere, yalani pa thandala lokwera lopita mphepo pansi ndi pamwamba, phimbani ndi kaneti ntchentche zisatere, usiku lowetsani. Wauma akamapindika osatuluka madzi mukamufinya. Sungani mu botolo lotseka bwino pamdima, mukaona nkhungu tayani.

Mabotolo ndi amene amafuna kusamala kwambiri. Anthu amaganiza kuti tomato ngowawasa mokwanira kupha chilichonse, koma asidi wake ali m'malire, mitundu ina komanso wopsetsa kwambiri amakhala ndi asidi wochepa moti kachilombo ka botulism katha kukula mu botolo lotseka, ndipo poizoni wake saoneka kapena kununkha. Malangizo a unduna wa zaulimi wa ku America amati muthire masupuni aakulu awiri a madzi a mandimu a m'botolo pa botolo la pafupifupi lita imodzi, kenako muwiritse mabotolowo atamira m'madzi kwa nthawi yonse imene malangizo a njira imene mwasankhayo anena, osadula. Wowola kapena wa pa mtengo wakufa asalowemo. Chivundikiro chikatukumuka kapena mkati mukachita thovu, osalawa n'komwe. Wouma woviika m'mafuta, makamaka mukaikamo adyo, akhale mu filiji ndipo adyedwe m'masiku ochepa.

Ngati muli ndi firiza ndiye njira yachidule ndi imeneyo, mutsukeni, mupukuteni, muikeni wathunthu mu jumbo. Akasungunuka amakhala wofewa woyenera kuphika basi, ndipo khungu limasendeka lokha mukangomuthira madzi ofunda.